Gawo la Talandira pa Seva

Lipoti la Talandira linasowa Lachitatu masana, dzuwa likuswa mtengo. Dzina la fayilo linalipo bwinobwino, koma mkatimo munalibe ngakhale kadontho. Masamba makumi anayi a kafukufuku wa mpunga wa m'madambo a ku Benga, miyezi isanu yoponda matope, zonse zinalowa m'madzi. Tsiku lomaliza kupereka linali Lachisanu, ndipo lamulo la pa koleji yaing'ono ya zaulimi ija silinkaona nkhope: wosapereka lipoti abwereze chaka.

Nasra Amiri, amene ankayang'anira makompyuta a pa kolejipo, sanachite kufunsa kuti chachitika n'chiyani. Ntchito za ophunzira sizinkasungidwa m'makompyuta a mu labu. Zinkakhala mu seva, chikompyuta chimodzi cha m'kachipinda kokiya, ndipo munthu akalowa ndi dzina lake pa kompyuta iliyonse ankapeza foda yake kudzera pa netiweki. Aliyense anali ndi gawo lake la malo, koma gawolo silinkaoneka. Ukafunsa kuti malo atsala ochuluka bwanji, kompyuta inkakuuza za seva yonse, magigabaiti mazana atatu, iwe n'kumaika mtima m'malo, chonsecho kagawo kako kadzaza kalekale. Ukasunga fayilo pamenepo, yakale inkafufutika, yatsopano osalembeka. Kunali kumupatsa munthu ndime yoti alime osamuonetsa malire, kenako n'kumuzulira mbewu ati walumpha.

Chimene chinkamudya Nasra mumtima chinali chipepala chimene anamata yekha pachitseko cha labu, cholembedwa zilembo zikuluzikulu kuti FULASHI AYI. Mafulashi a ophunzira ankayenda m'timashopu toika nyimbo ku Dwangwa n'kubwerako ndi mavairasi, ndiye iye anawaletsa, n'kulonjeza pamaso pa kalasi yonse kuti seva siitaya kanthu. Anyamata osamva ankalowetsabe mafulashi awo m'masokosi, ndipo malipoti awo anali phee m'matumba. Talandira, womvera uja, ndiye analibe kwina kumene anasunga. Nasra anachita manyazi, ndipo manyaziwo sanachedwe kusanduka mkwiyo.

Sikuti mankhwala ake sankawadziwa. Pa sevapo panali kapulogalamu kakang'ono kongofunika kuyatsa, koti kompyuta iliyonse izitha kufunsa gawo la munthu amene walowa n'kumuonetsa. Katatu konse anapempha chilolezo kwa a Sailesi, mkulu wa zamaphunziro, amene mawu awo anali omaliza pa nkhani za seva. Katatu konse a Sailesi anakana, ati munthu ukamuonetsa gawo lake umangomuphunzitsa kudandaula. Anali bambo wolankhula mwaulemu kwambiri, mtundu uja wokukaniza chinthu iwe n'kutuluka ukuthokoza. Koma Nasra ankakumbukira bwino kuti mu Febuluwale ndi iwo omwewo anamulamula kuti achepetse magawo a ophunzira, ndipo ankadziwanso kumene malowo anapita. Loweruka lililonse a Sailesi ankajambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, kuyambira ku Benga mpaka ku Dwambazi, ndipo akwati onsewo ankavina ali mu seva ya koleji. Nasra anali atakhala chete chifukwa kalata yake ya ntchito inkadikira siginecha yawo chaka ndi chaka mu Disembala.

Lachinayi m'mawa a Sailesi anabwera mu labu ndi pepala lotayipa kale. Linkanena kuti seva inali ndi malo okwanira, makina analibe vuto, ndipo wophunzirayo anachita kusasamala. Pansi pake panali mzere wa dzina la Nasra.

“Ingosainani apa, mayi Amiri. Nkhaniyi ithe mwamtendere.”

“Mtendere wake wa ndani, bwana?”

Anamuyang'ana ngati mpando walankhula. Kenako anamukumbutsa mofatsa kuti Disembala sali patali, n'kusiya pepalalo patebulo. Nasra analipinda kanayi n'kuliika kunsi kwa mwendo wa tebulo umene unkagwedera kuyambira chaka chatha. Tebulolo linakhazikika.

Anatenga makiyi n'kulowa m'kachipinda ka seva. Ntchito imene anapempha chaka chathunthu inamutengera mphindi khumi zokha. Anayatsa kapulogalamu kaja, natsegula njira yoti makompyuta a mu labu azikafunsa, kenako analemba mzere umodzi woti uzitulukira pamwamba pa sikirini munthu akangolowa. Anaulemba m'Chichewa dala, kuti pasapezeke wonena kuti sanamve.

Mlandu wa Talandira unali Lachisanu nthawi ya naini, mu ofesi ya a Pulinsipolo, Mayi Tatu. A Sailesi anayala umboni wawo, chithunzi cha sikirini choonetsa magigabaiti mazana atatu opanda kanthu, nafotokoza mwachisoni kuti ana a masiku ano akalephera ntchito amanamizira makina. Talandira anali chilili pakhomo, maso ali psuu, chifukwa nayenso nambala imeneyo anali ataiona ndi maso ake. Mayi Tatu atafunsa za pepala la woyang'anira makompyuta, Nasra anayankha kuti pepalalo likugwira ntchito ina, ndipo ngati akufuna umboni wake atsike naye ku labu.

Anatsika. Mu labu munali ophunzira ena, ndipo anali atayamba kale kunong'onezana, akulozerana pa masikirini. Nasra anauza Talandira kuti alowe ndi dzina lake. Mzere uja unatulukira: Gawo lanu ndi megabaiti 200. Mwagwiritsa 200. Atsala 0.

Mayi Tatu anawerama n'kuwerenga kawiri. Anafunsa ngati mtsikanayo akanatha kuona zimenezi Lachitatu, Nasra n'kuyankha kuti ayi, panalibe wophunzira aliyense amene akanatha, ndipo mzerewo iye mwini anauyatsa dzulo popanda chilolezo cha munthu. A Sailesi anayamba kunena za mwambo wa pa ntchito, koma Mayi Tatu anali atakhala kale pampando, akutayipa dzina lawo ndi chala chimodzi. Gawo lawo linali magigabaiti asanu. Anagwedeza mutu ngati akuti si zoipa, kenako anadzuka n'kukokera mpando a Sailesi.

A Sailesi anati pasiwedi yawathawa pang'ono. Mayi Tatu anati adikira, alibe kothamangira. Pomaliza bamboyo anakhala pansi n'kutayipa, ndipo mzere unatulukira mosaopa munthu: Gawo lanu ndi magigabaiti 400. Mwagwiritsa 371.

Wina kumbuyo analiza kakhweru. Mayi Tatu sanafunse kuti mufodamo muli chiyani, popeza mwana wa mchemwali wawo anakwatiwa mu Juni ndipo wojambula ankamudziwa. Anangotembenukira kwa Talandira n'kumuuza kuti wapatsidwa masabata atatu, ndipo za kubwereza chaka aiwale. Za magawo a ophunzira anati zikonzedwe tsiku lomwelo.

Anthu atabalalika, a Sailesi anatsalira. Ulemu uja unali utawathera.

“Mzere umenewu muuchotse lero. Mwandichititsa manyazi pamaso pa ana.”

“Sindichotsa, bwana. Wallahi, kaya mundichotse ineyo mu Disembala, koma wobwerayo adzaupeza.”

Anatuluka osatseka chitseko. Nasra anakhala pansi, ndipo mumtima munali mopepuka kuposa m'mene munakhalira chaka chonsecho.

Lolemba m'mawa Talandira anali woyamba kufika mu labu. Anakhala pa kompyuta ya pakona, nalowa, nawerenga mzere wake. Kenako anakankhira kiyibodi pambali, n'kutulutsa kope latsopano ndi timapepala take ta kumunda, tothimbirira ndi matope, n'kuyamba kulemba ndi bolopeni kuchokera pa tsamba loyamba. Nasra anapita n'kumufotokozera kuti gawo lake tsopano ndi magigabaiti awiri, kuti akuliona yekha, kuti zijazi sizidzachitikanso.

“Ndamva, asisi,” anatero Talandira mwaulemu, osadzutsa mutu. “Koma ndiyambe ndalemba muno.”

Mawu amenewo anamupweteka Nasra kuposa onse a a Sailesi, chifukwa mtsikanayo sankalakwa. Anapita pachitseko n'kumatula chipepala chake chija. Kenako anamasula fulashi yake pa mpukutu wa makiyi n'kukaiika pamwamba pa kope la Talandira.

“Ukatayipa tsamba, uziika umunso. Usadzamverenso munthu wokuuza kuti usunge pamalo amodzi, ngakhale atakhala ine.”