Chowiringula cha Amayi Chatha

Amayi anga sakonda andale. Wandale akangoyamba kulankhula pa wailesi, iwo amadzuka n'kukatsuka mbale zoyera kale. Ndiye nditawapeza tsiku lina atayimitsa makina osokera, khutu lili pa wailesi, ndinadziwa kuti pali nkhani.

Nkhaniyo inali ya penshoni. Bambo anga anali dalaivala wa ambulansi pachipatala cha boma, ndipo atamwalira penshoni yawo inatsalira amayi. Koma lamulo linkati mkazi wamasiye akakwatiwanso, penshoniyo yathera pomwepo. Tsono kunabwera nduna ina yachizimayi, yaifupi, yamawu ngati belu la pasukulu, imene inaima nji kuti lamulolo lichoke. Aphungu ena ankaikuwiza, wina mpaka ananena kuti amasiye ayamba kukwatiwa mwezi ndi mwezi. Ndunayo sinasunthe. Inati mwamuna ankagwira ntchito mkazi akumuchapira yunifolomu, choncho boma lisamachite nsanje m'malo mwa munthu amene anagona kale.

Amayi amasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde la sitolo ya zitsulo. Tsidya la msewu kuli kashedi ka bambo wosoka nsapato, amene tonse timawatcha a Chidendene. Akazi awo anamwalira kalekale. Bambowa anafunsira amayi kwa zaka zambiri, moti ngakhale agalu a mumsewumo ankadziwa. Nsapato za amayi zinkakonzedwa zisanang'ambike n'komwe. Koma yankho la amayi linali limodzi: "Ine ndikanalola, bambo, nanga penshoni?" A Chidendene ankatukwana boma pang'ono, n'kubwerera ku zomatira zawo.

Ine bambowa ndimawakonda, ndisabise. Chikwatiwireni ine, amayi amadya okha madzulo, ndipo zimenezo zinkandiwawa.

Tsiku lomwe aphungu ankavota ndinatseka saluni yanga masana n'kupita pakhonde paja. Mwini sitolo anatulutsa wailesi yake n'kuikweza mpaka inkanjenjemera pashelefu. Amayi ankanamizira kusoka kolala, koma phazi silinkaponda makina. Atalengeza kuti ndunayo yapambana, mwini sitolo anawomba m'manja, ogula misomali nawonso anawomba osadziwa n'komwe chifukwa chake.

Tsidya lija a Chidendene anavula epuloni, anapukuta manja, n'kuwoloka msewu osayang'ana uku kapena uku. Minibasi ina inachita kuwakhotera.

"Mayi, mwamva?" anafunsa atafika.

"Ndamva. Si ndine gonthi."

"Ndiye boma lachoka pakati pathu."

Amayi anayamba kufunafuna sizasi yomwe inali m'manja mwawo. "Lamulo limayamba lasainidwa kaye," anatero.

"Anduna ati liyamba mwezi wamawa."

"Andale amanama, bambo."

Ine ndinalephera kupirira, ndinaphulika kuseka. "Amayi, lero andale mwawamvera tsiku lonse. Chowiringula chatha, pezani china."

Anandiyang'ana diso lija ankandiyang'ana ndili mwana ndikaswa kapu. Kenako anandikoka dzanja mpaka kuseri kwa sitolo, pakati pa zitini za penti. Ndinkaganiza kuti andikalipira, koma maso awo anali atalengeza misozi.

"Iwe ukuseka," anatero motsitsa mawu. "Ukuganiza kuti ndinkaumirira ndalama zokha? Ndikapita kukalandira, mtsikana wa pawindo uja amatchula dzina la bambo ako lonse. Ndi malo okhawo omwe limatchulidwabe, ngakhale iwe unasintha lako. Ndinkaona ngati ndikalola bambo awa, ndawafufuta bambo ako ndi dzanja langa."

Kuseka kwanga kunathera pomwepo. Zaka zonsezi ndinkawanena amayi kuti ndi okanika, osadziwa kuti ankasunga chinthu.

"Nanga pano?" ndinafunsa.

"Pano kanduna kaja kakuti palibe wofufutidwa." Anapukuta maso ndi kansalu ka yunifolomu ya mwini wake, n'kuseka. "Mtima ukugunda ngati wa mtsikana. Pa msinkhu uno, zamanyazi."

Titatuluka, tinapeza a Chidendene ataimirira pomwe tinawasiya, chipewa chili pachifuwa. Khoma la sitoloyo ndi la malata, ndipo nkhope yawo inkaonetseratu kuti amva zonse. Mwini sitolo naye anali akupukuta kauntala yomwe sanaipukutepo chiyambire.

"Mayi," anatero a Chidendene, "malemu ndinkawadziwa. Nsapato zawo zakuntchito ndinkasoka ndine, zinkathera chakumanja chifukwa cha mabuleki. Dzina lawo lizitchulidwabe. Tsiku lolandira ine ndizikuperekezani, ndizikadikira panja."

Amayi anakhala pampando wawo, analowetsa ulusi pasingano kamodzi kokha, chinthu chomwe maso awo anasiya kuchita kalekale. Wailesi ija mwini sitolo anali atatseka.

"Panja pamawomba dzuwa," anatero amayi osadzutsa mutu. "Muzikalowa. Muzikaima pambali panga akamawatchula."

A Chidendene anangokhala pa thumba la simenti, n'kuphimba nkhope ndi chipewa chija, mapewa akugwedezeka. Sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka, ndipo amayi anawasiya choncho kanthawi asanawauze kuti adzuke, akuwononga buluku lomwe adzalichape ndi amayiwo.