Geti la Duku

Nkhumba zathu zinalipo khumi ndi ziwiri. Pofika Lachitatu inatsala imodzi yokha, yaikazi ya banga loyera pamutu, imene tinkaitchula kuti Duku. Zinazo zinafa motsatizana, makutu ali psuu, zikupuma ngati zathamangitsidwa ndi agalu. Ine ndi bambo tinazikwirira kuseri kwa khola, n'kuthira laimu pamwamba. Chigodola chinasesa makola onse a mzere wathu kuno ku Redcliff, ndipo a vetenale analamula kuti nkhumba kapena nyama yake isatuluke m'dera lino.

Duku anagona khola limodzi ndi zodwalazo, nadya nazo m'mbale imodzi, koma sanaphonye chakudya ngakhale tsiku limodzi. Zimenezi zinandisowetsa mtendere. Sukulu ndinalekezera fomu folo, koma kuwerenga palibe anandiletsa. Ndinafufuza pafoni mpaka maso kuwawa. Ndinapeza kuti kachilombo sikangolowa m'thupi chisawawa. Kamafuna kakhomo kake pa maselo a nkhumbayo, ndipo pali anthu amene akusaka kakhomoko kuti akatseke. Mmodzi wa iwo, Paidamoyo, amagwira ntchito ku labu ina ku Gweru. Ndinamulembera kanayi. Kachinayi anayankha kuti abwera Lachisanu ndi chilolezo cha a vetenale, koma magazi akuwafuna a nkhumba yamoyo.

Lachinayi m'mawa amalume Sande anatulukira ndi wilibala, chingwe, ndi mpeni wokulunga m'nyuzipepala. Ndi iwo anatipatsa Duku ali kamwana, zaka ziwiri zapitazo, ndipo nkhumba zawo zonse zinali zitafa.

"Natsai, tsegula geti," anatero. "Makorokoza, anyamata okumba golide kumigodi, akufuna nyama. Aja safunsa kuti yafa bwanji."

"Siinafe, amalume."

"Ifa mawa. Ndiye tidikire kuti tidzaikwirire ngati zinzake?"

Ndinaima pageti. Ndinawauza za Paidamoyo, za maselo, za kakhomo. Mawu ankatuluka mothamanga, osalongosoka.

Amalume anaseka mpaka kugwira wilibala, natembenukira kwa bambo. "Mwamumva, alamu? Mwabereka dokotala wa pafoni! Iwe, nkhumba ili ndi khomo limodzi, lolowera madeya. Linalo sindilitchula pamaso pa bambo ako."

"Nyamayo ikafika kumigodi, matenda afika ku Gokwe sabata isanathe. Mukufuna anthu enanso alire ngati ife?"

"Akumafamu akuluakulu akulira? Awo ali ndi mipanda ndi madokotala awo. Ife ndiye tizisunga malamulo ndi njala?"

Apa ananena zoona, ndipo n'zimene zinandipsetsa mtima kwambiri. Ndinamenya chidebe cha madzi ndi phazi, madzi n'kuwathira pansapato.

"Zaka ziwiri ndimatola makabichi oola kumsika, inu muli kuti? Lero mwakumbukira kuti ndi yanu chifukwa mwanola mpeni!"

"Natsai!" Anali bambo. Nthawi yonseyi anali pansi pa mtengo wa mango, akukonza chitseko cha mbaula ya munthu wina. Bambo anga, a Nehemiya, anagwira ntchito yowotcherera zitsulo kufakitale zaka makumi awiri, mpaka ng'anjo zinazima. Sakonda kulankhula. "Amenewo ndi amalume ako. Tola chidebecho."

Ndinatola.

"Tsopano fotokoza bwinobwino. Usakuwe. Kakhomoko kali pati?"

"Pa maselo ena a m'magazi, bambo. Kachilombo kamagwira pamenepo, n'kulowa, n'kuswana. Kakapanda kugwira, sikalowa. Mwina kakhomo ka Duku n'kosiyana ndi ka zinzake. Mwina ayi. Sindikudziwa. Koma tikamupha palibe adzadziwe."

Bambo anapisa dzanja m'chitini chawo cha zitsulo, natulutsa bawuti ndi nati. Anayesa kumanga. Zinakana.

"Mwaona, alamu? Kukula n'kumodzi, koma mazinga ndi osiyana. Kufakitale tinataya tsiku lathunthu chifukwa cha zimenezi, makina onse ali chiimire. Mwanayu akunena kuti nati ya nkhumba iyi mwina ikukana bawuti ya matenda."

"Mwina!" anatero amalume. "Ana anga adya mwina?"

Bambo anayang'ana babu la pakhonde, naona kuti magetsi alipo. Analowa m'nyumba, natuluka akukoka makina awo owotcherera, aja amawaphimba ndi bulangeti ngati mwana. Anavala chigoba kumaso.

"Chokani pamenepo nonse. Musayang'ane moto."

Anawotcherera geti la khola kumtengo wake wachitsulo, pamwamba, pakati ndi pansi. Duku anathawira pakona akulira. Fungo la chitsulo chopsa linadzaza bwalo lonse. Atamaliza anagogoda ndi hamala, naligwedeza. Silinasunthe.

"Hazviite, sizingatheke izi, alamu," anatero amalume, mawu atatsika. "Mwanditsekera nkhumba yanga?"

"Ndaitsekera tonse. Ine ndemwe sindingaitulutse, ngakhale njala itandiuza zotani. Ikadzaloledwa kubereka, ana oyamba ndi anu. Lero tengani ufa ndi nyemba m'nyumbamo, mupite nazo kwa ana."

Amalume anakankha wilibala yawo kupita kukhomo la khitchini, mpeni uli chikulungire. Podutsa anandiyang'ana.

"Dokotala, nsapato zanga uzichapa."

"Ndichapa, amalume. Ndi mankhwala omwe, musanatuluke pano."

Paidamoyo anafika Lachisanu masana ndi bokosi lozizira ndi majombo oyera. Anali wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Anayang'ana geti, nayang'ana ine.

"Ko, tinopinda nepapi?" anafunsa, kutanthauza kuti tilowera pati.

"Pamwamba, sisi."

Tinakwera mpanda tonse awiri. Ine ndinakola Duku chingwe kukamwa, bambo akukoka ali kunja, ndipo Paidamoyo anatenga magazi pakhosi, timabotolo titatu. Akupukuta thukuta anandiuza mosabisa kuti kakhomo ka chigodola sikanadziwike bwino, ntchitoyo ndi ya zaka, ndipo mwina Duku anangochita mwayi. Mwinanso kachilombo akadali nako m'thupi, choncho asatuluke mpaka zotsatira zitabwera.

"Kutuluka ndiye satuluka," ndinatero. "Koma mukakapeza kakhomoko, nkhumba zosadwalazo zidzayambira kuti? Kumafamu a mipanda?"

Anaika timabotolo tija m'bokosi lozizira. "Zimenezo sindigamula ndine."

"Ndiye lembani dzina."

"Timalemba nambala."

"Nambala ilibe kwawo. Lembani kuti magaziwa achokera kuti, kuti tsiku logawana lisadzatiphonye."

Anandiyang'anitsitsa, kenako anandipatsa cholembera ndi fomu yake. Pansi pa nambala ndinalemba ndi zilembo zazikulu: DUKU, KHOLA LA A NEHEMIYA, REDCLIFF. Ndinajambula fomuyo ndi foni yanga, iye akuona.

Atapita, ndinatenga thumba n'kulunjika kumsika. Duku anali asanadye, ndipo makabichi tsopano ndinkayenera kuwaponyera pamwamba pa geti.