Bweza, Kaphuma

Bambo anga anaiwala dzina langa asanaiwale mmene kavalo amayendera pa tchesi. Zimenezo zinkandiwawa, ndisaname. Ine wemwe ndinkawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwamangira zingwe za nsapato, koma ndikamaliza ankandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti, "Zikomo mayi, muli ndi mtima wabwino. Kodi kwanu n'kuti?" Koma ukangowaikira bolodi patsogolo, ee! Msana unkawongoka, maso n'kuyera, zala n'kumadziwa zokha kolowera.

Kale ankakonza mawotchi. Kashopu kawo kanali kunsi kwa masitepe a nyumba ina yosanjikizana, kodzaza mawotchi ogunda mosamvana, ndipo pakati pa timabatire takutha pankakhala bolodi. M'menemo ndi momwe anandiphunzitsira tchesi. Vuto linali lakuti ine ndinabadwa wopupuluma. Ndinkatola chidole ndisanaganize, n'kuchimenyetsa pabolodi kuti pha! Iwo ankangondigwira pamkono, n'kuchibweza pamene chachokera. "Iwe Kaphuma, bweza. Yang'ananso." Dzina langa lenileni linali la aphunzitsi kusukulu, kwa bambo ndinali Kaphuma basi. Nditakula ndinatsegula saluni, tchesi ndinaisiyira eni ake.

Tsopano dzinalo linali litasowa limodzi ndi zina zonse. Achimwene anga anali atanena kale kuti mwezi ukatha adzawatenga, akakhale nawo kumzinda wakutali kumene kuli madokotala odziwa matendawa. Sindinakane, nanga ndikanakana chiyani? Ndinkangofuna chinthu chimodzi asanapite: anditchule Kaphuma. Kamodzi kokha.

Tsiku lina ndikuluka kasitomala, anandiuza kuti kuhotela yaikulu kumene amagwira ntchito kukubwera mpikisano wa tchesi wa mayiko ambiri, ndipo aliyense wofuna atha kulowa. Ndinaganiza kuti mwina pakati pa mabolodi ambirimbiri chinachake chingatseguke m'mutu mwa bambo. Ndinawaimbira achimwene.

"Iwe wapenga eti?" anatero. "Ukufuna kukawachititsa manyazi pamaso pa alendo?"

"Manyazi ake ati, achimwene? Si inu munabwera ulendo uja bambo n'kukudyerani mfumukazi pa tchesi tiyi asanazizire?"

Anadula foni. Ine ndinasita suti ya bambo.

Holoyo ndimailotabe mpaka lero. Matebulo anali m'mizere mpaka kumene maso amathera, patebulo lililonse pali timbendera tiwiri. Anthu anali odzaza, akuda, oyera, amipango kumutu, andevu zofika pachifuwa, koma phokoso ayi ndithu. Unkangomva nsapato zikukhuza kapeti ndi wina akutsokomola chakutali. Kuwala kunkatsika kuchokera m'mawindo aatali, fumbi n'kumayandama m'menemo pang'onopang'ono, ndipo mitu yonse inali yowerama ngati anthu agona chokhala ndipo akulota loto limodzi. Bambo atakhala pampando wawo ananyamula wotchi yowerengera nthawi ya osewera n'kuiika kukhutu. Inali ya manambala, yosagunda.

"Iyi yafa," anandinong'oneza. "Muwauze abwere nayo kushopu."

Anasewera bwino, ndikukuuzani. Masewero ena anapambana, ena anagonja, ndipo mkulu wina wamagalasi anachoka patebulo akupukusa mutu. Ine ndinkaima kuseri kwa chingwe cha oonerera, miyendo kuwawa, saluni nditatseka, makasitomala akunditukwana pafoni. Sewero likatha ankaimirira n'kumayang'ana uku ndi uku ngati munthu wotsika basi pamalo olakwika. Ndinkathamangira, mtima uli m'mwamba kuti mwina lero. "Mayi," ankatero, "kodi potulukira ndi pati?"

Tsiku lomaliza anakumana ndi mtsikana wa dziko lakutali, wometa tsitsi moipa kwabasi. Zimenezo ndinaona msanga, ndi ntchito yanga. Anali wosakhazikika, mwendo ukunjenjemera pansi pa tebulo, cholembera chili kukamwa. Woyang'anira masewero, bambo wina wakwathu konkuno wadazi, anandiuza kuti mdala akapambana sewero limeneli atenga mendulo ya achikulire. Ine za mendulo ndinalibe nazo ntchito.

Anasewera nthawi yaitali. Dzuwa linachoka pamatebulo a kumanzere n'kufika pa iwo, manja a bambo n'kumawala. Kenaka nthawi ya mtsikana uja inayamba kutha. Anayang'ana wotchi, anayang'ana bolodi, n'kutola mfumukazi yake kuimenyetsa kuti pha! Anaiika pakamwa penipeni pa kavalo wa bambo. Ngakhale ine wosiya tchesi kalekale ndinaona. Oonerera anapumira m'mwamba onse pamodzi, mtsikanayo n'kugwira pakamwa. Pampikisano chidole ukachisiya wachisiya, palibe zobweza. Bambo ankangofunika kudya mfumukaziyo, sewero n'kutha.

Anatambasula dzanja. Anamugwira mtsikanayo pamkono mofatsa, dzanja linalo n'kutola mfumukazi ija kuibweza pamene inachokera. M'chete monse muja mawu awo anamveka mpaka kukhomo.

"Iwe Kaphuma, bweza. Yang'ananso."

Mayo ine! Dzina langa. Dzina limene ndinkalidikira ndikuwatsuka mapazi, analipereka kwa mlendo wosadziwa n'komwe kuti lamugwera n'chiyani. Ndinagwira chingwe chija mpaka chinandidinda m'manja. Ndinachita nsanje, nsanje yeniyeni, ndi mwana wa eni wosalakwa.

Woyang'anira uja anafika chothamanga, anaimitsa wotchi, n'kubwezera mfumukazi pamene mtsikana anaiika. "Madala, simungatero. Mwaigwira, ndiye muidye."

"Ndidye ya mwana wanga?" anatero bambo modabwa. "Wangopupuluma uyu. Musiyeni aganize."

Anaibwezanso, n'kupinda manja, kumadikira akumwetulira. Woyang'anirayo anawachonderera, anapukuta dazi lake, anaitana mnzake, koma mdala anakanitsitsa. Mapeto ake anagamula kuti bambo agonja. Mtsikana uja sanasangalale. Anawagwira dzanja nthawi yaitali, nanena mawu ena m'chinenero chake, misozi ikulengeza m'maso, kenaka anatuluka mothamanga. Bambo anamuyang'ana mpaka anazimiririka pakhomo.

Mphoto anakaperekera m'chipinda china, holo n'kutsala pululu. Antchito anayamba kuzula timbendera n'kumatiponya m'katoni. Kuwomba m'manja kunkamveka chapatali, ngati mvula ikugwa kutsidya. Bambo anali chikhalire, akuyang'ana mpando wopanda munthu uja. Ndinalumpha chingwe n'kukakhalapo.

"Tisewere," ndinatero.

"Mumatha, mayi?"

"Pang'ono."

Ndinandandalika zidole. Ndinali ndi nzeru yanga: ndilakwitse dala ngati mtsikana uja. Ndinasewera modekha, ndikuwerengera bwinobwino, ndipo mpata utapezeka ndinanyamula mfumukazi yanga n'kuikhazika mwaulemu patsogolo pa kavalo wawo. Ndinasiya mkono wanga pomwepo patebulo, pafupi ndi dzanja lawo, kuti asavutike kuufuna.

Anayang'ana bolodi, anandiyang'ana ine. Kenaka anakweza kavalo n'kudya mfumukazi yanga.

"Pepani mayi," anatero, "koma apa munalakwitsa."

Apa ndiye zinandikwana. Mkwiyo unandikwera kuchokera kumapazi. Ndinakwiyira matendawo, ndinakwiyira achimwene, mtsikana wa tsitsi loipa uja, mawotchi osagunda, ndinakwiyira ngakhale mdala yemweyo ndi ulemu wake wa kwa alendo.

"Tiyambirenso!" ndinakalipa.

Ndinandandalika zidole mozigwetsa. Iwo akasuntha, ine pha! Akasuntha, pha! Sindinkaganiza, sindinkafunanso kanthu, ndinkangomenya bolodi. Misozi inadzaza m'maso mpaka mabwalo akuda ndi oyera anasungunuka kukhala amodzi, holo yonse n'kumayandama, matebulo, mawindo, fumbi lija. Sindikudziwa kuti ndinatola chidole chanji kapena ndinachiika pati. Ndinangomva pha! kenaka dzanja lofunda pamkono panga, zala zowonda zija zimene zinkatola timasipuling'i ta mawotchi.

"Iwe Kaphuma."

Sindinapume. Ndinkaopa kuti ndikagwedezeka ndidzidzimuka.

"Iwe Kaphuma, udzasintha liti? Mpaka imvi zayamba, phuma lomwe lija. Bweza. Yang'ananso."

Sankayang'ana bolodi. Ankayang'ana ine, m'maso, ndi kaukali konama kaja ka kushopu.

"Ndikuyang'ana, Bambo."

"Sukuyang'ana, ukulira. Pukuta m'maso."

Ndinapukuta ndi mkono wa bulauzi. Chinali chidole changa chija choyenda mowongoka, chimene ifeyo kushopu tinkangochitcha nsanja, ndipo anali atachibweza kale pakona pake. Wantchito wina anaima chapafupi ndi katoni yake, akudikira bolodi lathu, koma ataona nkhope yanga anapita kukayambira mzere wina.

Ndinayang'ananso monga anandiuzira. Malo oyenera ndinawaona bwinobwino, anali poyera, bwalo limodzi kumanzere, ndipo bambo ankadikira kuti mwana wawo awapeze. Ndinatola nsanja ija. Dzanja lawo linali likadali pafupi, lotseguka, lokonzeka.

Ndinaimenyetsa pamalo olakwika omwe aja kuti pha!