Mwendo wa a Veronika

Akulu anga a Veronika anayamba kutsimphina chaka chomwe nyemba zinachita bwino kuno ku Lobi. Tinkati ndi nyamakazi. Nyamakazi yanji! Pofika mvula yoyamba, m'chiuno mwawo, pomwe mwendo umalumikizana ndi thupi, munali mutatuluka chotupa cholimba ngati dzungu laliwisi. Anatemera mphini, anamwa mizu mpaka lilime kuda, osaphula kanthu.

Amuna awo, alamu anga a Alufeo, anabwereka machila, napempha anzawo kuti awathandize kunyamula wodwala kupita ku chipatala cha mishoni kuseri kwa mapiri. Ine ndinatsatira kuti ndizikawaphikira. Tikunyamuka, amayi anaima pakhomo n'kunena kuti, "Mpeni usakakhudze mwana wanga mwini mbumba asanalankhule."

Mwini mbumbayo anali mlongo wathu, a Yohana. Kwathu kuno mwamuna amakwatira kumudzi kwa mkazi, ndipo nkhani ya moyo wa mkaziyo ndi ana ake amagamula ndi mlongo wake. Tsono a Yohanawo anali ku Halale, kumigodi, kuchokera dzinja la dzana.

Dokotala, mzungu wa manja aubweya, anasinikasinika chotupacho, kenaka analankhula kudzera mwa womasulira. Anati matendawo ali m'fupa lenilenilo. Njira zinali ziwiri. Akhoza kuchotsa chotupa pamodzi ndi mutu wa fupa, mwendo n'kutsala waufupi, wolendewera, pakuti analibe choikapo m'malo mwa fupalo. Kapena adule mwendo wonse kuyambira m'chiuno, ndipo iye ankakhulupirira njira imeneyi. Sanabise kuti ambiri amafera pampeni. Koma kudikira, anatero, ndiye imfa yosakayikitsa.

"Adule," anatero a Veronika. "Ndizikakwawa, bola ndiziwaona ana anga."

Tonse tinayang'ana a Alufeo. Munthu wamkulu uja anangoti zyoli, thukuta kamukamu.

"Mayi a ana, ine ndikufuna muchire," anatero. "Koma ndine mkamwini. Mukafera pampeni, adzati ndapha mwana wa eni ake."

"Alamu, a Yohana ali kuti pano?" ndinakalipa. "Chotupachi chidikira a Yohana?"

Ndinapsa mtima, koma ine mkazi wamng'ono, mawu anga akanalemera chiyani? Dokotala anapukusa mutu, natipatsa kabotolo ka mankhwala oziziritsa ululu. Tinawanyamulanso akulu anga kukwera nawo mapiri omwe aja.

Uthenga tinatumiza kudzera mwa anthu a ku Mphunzi omwe ankapita wapansi ku Halale. Ndiye tinayamba kudikira. Chimanga chinamera, chinamasula, chinauma. Chotupa nacho osagona ayi, chinakula mpaka khungu kung'ambika. Fungo lake ana ankathawa m'nyumba. A Alufeo ndiwo ankawatsuka akazi awo, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala, kenaka kupita kukalima munda wa apongozi. Amayi ankangoti, "Abwera a Yohana, abwera." Ndinkafuna kukuwa. Ndinadana ndi amayi, ndinadana ndi alamu, ndinadana ndi msewu wa ku Halale womwe sunkabweretsa munthu.

Tsiku lina a Veronika anandifunsa, "Filomena, kodi uthenga uja unafika?" Ndinati sindikudziwa. Anatembenukira kukhoma, ndipo sanafunsenso.

Anamwalira nyengo yozizira, chifunga chitakuta phiri.

Maliro atatha, akuluakulu anawasudzula a Alufeo monga mwa mwambo. Ana ndi a mbumba yathu, anatsala. A Alufeo anatenga khasu lawo ndi mphasa, basi.

M'mawa womwe ankanyamuka, pamudzi panafika mlendo wovala jekete lothothoka, wochokera ku Halale. Anakhala pansi, tinamulonjera, ndipo anafunsa kuti amuna a Veronika ndi ati.

"Ndine," anatero a Alufeo, mphasa ili paphewa.

"Andituma a Yohana. Akuti mukudikira chiyani? Adule msanga, asachedwe."

Amayi anagwa pansi n'kuyamba kulira ngati maliro achitika kumene.

A Alufeo anatula mphasa ija, nagwada, n'kuomba m'manja mwaulemu monga amachitira mkamwini.

"Zikomo," anatero. "Mukawauze kuti tamva."

Anatola mphasa yawo, nalowa njira ya kwawo ku Kaphuka. Mwana wawo wamng'ono anawathamangira akulira, ndipo ine ndi amene ndinakamugwira.