Muvi wa pa Kaboni Wachitatu

Malo anali amodzi. A Pulofesa anati mwa ife awiri amene tinatsala mu labu titamaliza digiri, mmodzi yekha ndiye adzapitirize maphunziro pansi pawo. Winayo anali mnzanga wa kuyambira chaka choyamba, amene tinkamutcha Magolovesi chifukwa ankawavala ngakhale potsegula zenera.

Ntchito imene anatipatsa inali yomata mankhwala otchedwa bromini pa benzini, mphete ya makaboni yokhala kale ndi gulu la naitiro. Brominiyo tinkamufuna pa kaboni wachinayi wa mpheteyo. Miyezi itatu bromini ankangokana, ndipo tikatenthetsa kwambiri ankakakhala pa wachitatu, pamene sitinamutume.

Lachiwiri lina ndikutsuka mabotolo, ndinakumbukira zimene tinaphunzira chaka chachiwiri n'kuziiwala mayeso atatha. Naitiro amakoka maelekitironi, mphete n'kutsala youma. Koma mukamusandutsa gulu lina lotchedwa amino, iye amakankhira maelekitironi ake m'mphetemo, n'kumaunjikana pa kaboni wachiwiri, wachinayi ndi wachisanu ndi chimodzi. Bromini amalondola pamene aunjikanapo. Manja akadali onyowa, ndinajambula rezonansi yake m'kope langa: mphete zondondozana, mivi yopindika ikusonyeza kumene maelekitironi akuthawira. Kopelo ndinakasiya kwa a Pulofesa, poti lamulo la labu linali lakuti tsamba lililonse aliwerenge iwo.

Linakhalitsa kumeneko masabata awiri.

Tsiku loonetsa ntchito zathu kwa aphunzitsi onse, anayamba ndi Magolovesi. Pakhoma panaoneka mivi yanga. Sindikuti yofanana ndi yanga, ayi. Muvi womaliza unakathera pa kaboni wachitatu, pamene maelekitironi a amino safika ngakhale muwagwadire. Ndinalakwitsa ndine tsiku lija chifukwa cha phuma, ndipo ndinkadikira kuti kope likabwera ndikonze.

Ndinakweza dzanja.

"Mnzanga, muvi womalizawo ukupita kuti?"

Anayang'ana kukhoma, kenako kwa a Pulofesa. "Ukupita... pa kaboni."

"Ee, ndi benzini, ponseponse ndi kaboni. Uti?"

Mphunzitsi wina kumbuyo anaseka n'kusandutsa chifuwa. A Pulofesa anadzuka ndi choko m'manja.

"Dzanja laterereka chabe apa," anatero. "Chofunika ndi ganizo, ndipo ganizoli n'labwino."

Anajambula muvi wolondola pa bolodi osacheukira n'komwe kukhoma. Ankadziwa kale pamene panalakwika.

Kenako inafika nthawi yanga. Ndinaima ndi mphete zomwezo, mivi yonse ili m'malo mwake, ndikuoneka ngati wokopera amene wangokonza atamva akuluakulu. Palibe anandifunsa funso.

Magolovesi ndinakamupeza pa sinki, akutsuka botolo loyera kale.

"Kope lako anandipatsa okha a Pulofesa," anatero ndisanatsegule pakamwa. "Anati ndione mmene anzanga amaganizira."

"Ndiye waonadi."

"Iwe uli ndi mutu, ukapeza kwina. Ine ndikachoka pano ndilowera kuti?"

"Ukanandiuza, bwenzi nditakukonzera muviwo. Wandichititsa manyazi ndi cholakwa changa chomwe."

Sanaseke. Inenso sindinkaseka.

Lachisanu anandiitana ku ofesi. Anandipatsa mpando, chinthu chimene sanachitepo zaka zonsezi.

"Mwana wanga, iweyo umatsutsa chilichonse, ngakhale ine. Mnzakoyu ukamuuza amachita. Labu imayenda ndi manja omvera." Anachotsa magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. "Malo ndamupatsa iye. Koma utsale kaye sabata imodzi, umuonetse kasandutsidwe ka naitiro uja. Sanayambe wayesapo, angandiotchere labu."

Ndinawayang'ana. Ankanena zoona, angaiotchedi, ndipo ankayembekezera kuti ndiwamvere chisoni.

"Chabwino, a Pulofesa, ndamva," ndinatero.

Anamwetulira, akuganiza kuti ndavomera. Ndinavula jasi langa loyera, ndinalipinda bwinobwino pampando paja, n'kuwafunsa kuti makiyi a kabati ya asidi ndisiye kwa ndani.