Mpiru wa m'Dimba la Petronela

"Ndiye tidye kapena tisadye?" anafunsa a Malizani, ogulitsa makala mu Ndirande, ataimirira kumbuyo kwa holo ya tchalitchi.

Mayi wochokera ku yunivesite, amene anabwera kudzatiyankhula, anapukuta magalasi ake. Anali atangotiuza kuti m'masamba a m'madimba athu a m'mbali mwa mtsinje anapezamo mtovu, chitsulo chapoizoni. "Bambo, chiopsezo chilipo, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Koma kukula kwake sitinakudziwe bwino. Mwina n'chachikulu, mwina n'chochepa."

"Mwina!" anatero a Malizani. "Sukulu yonseyo kukangotengako mwina? Ameneyo ngakhale ine ndili naye kunyumba."

Anthu anafa nacho chikhakhali. Potuluka, ena ankati ndi njira yotilandira madimba. Ena ankati akutibisira, tinatha kale.

Ine ndinangobwerera kunyumba. Mkazi wanga Petronela anali atamwalira chaka chomwecho, ndipo nditafunsa chimene chinamupha, madokotala nawonso anangondipatsa mwina wawo. Anandisiyira dimba la mpiru. Ndinkalithirira m'mawa ndisanapite kukaphunzitsa, madzulo n'kudya mpiruwo osamva kukoma kwake. Msonkhano utatha ndinapitiriza chimodzimodzi. Sikuti ndinali nditaganizapo. Kungoti za mawa ndinalibe nazo ntchito.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza Eliness, mpongozi wa a Malizani, m'dimba loyandikana ndi langa. Anali woyembekezera, mimba itakula moti ankathyola mpiru atagwada.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?"

"Ndadzuka. Ndimayesa munasiya kudya masambawa?"

"Tinasiyadi. Tinavutika nazo nyemba mpaka ana kuyamba kuthawa mbale." Anaseka. "Kenako apongozi anati, taonani aphunzitsi, munthu wa digiri, manambala onse a kumsonkhano aja anawamvetsa, koma akudyabe. Ukanakhala poizoni bwenzi atazula kalekale dimba lonselo."

"Anatero a Malizani?"

"Eya. Mzere wonse wa nyumba zathu tikuonera inu."

Ndinafuna kumuyankha. Ndinafufuza mawu, koma amene ndinawapeza anali omwe aja a mayi wa magalasi.

Eliness anakulunga mpiru wake pansonga ya chitenje. Anadzuka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno, n'kuyamba kukwera chitunda cholowera kunyumba. Ine ndinatsala pakati pa mizere ya Petronela, keni yodzaza madzi a mumtsinje ili m'manja. Sindinathire, sindinaiikenso pansi. Inkangodonthera pansapato zanga.