Dzina Limene Mzamba Anatchula

Chaka chimene asilikali ofiira, oukira boma, analowa m'mudzi mwathu, kumapiri a Fujian, mtsinje unasanduka malire: tsidya lino ofiira, tsidya linalo aboma. Koma mzamba wa mbali zonse ziwiri anali mmodzi, mayi Qiu Lanjiao.

Tsiku lina anawoloka kukathandiza mkazi wa msilikali waboma kuchira. Pobwerako ofiira anawagwira padoko n'kukawatsekera m'kachisi wa makolo. Wowafunsa anali Liao Desheng, mwana wa m'mudzi mwathu momwemo, amene tsopano ankatsogolera komiti yosaka akazitape.

"Azakhali, adani mwakawauza chiyani?"

"Mkaziyo ndamuuza kuti akankhe. Amayi akonso ndinawauza zomwezo."

Alonda anaphulika kuseka. Desheng nkhope inachita gwa.

Anawamanga zala zazikulu ndi chingwe n'kuwapachika pamtanda wa denga. Dzuwa litapendeka, Desheng anabweranso.

"Kazitape sayenda yekha, azakhali. Tchulani mnzanu mmodzi, muzipita."

Mayi Lanjiao anakumbukira Lai Shuigen, kalipentala amene anakwera sitima yapamadzi ku Shantou chaka chathacho kukasaka ganyu kutsidya kwa nyanja. Kumeneko chipolopolo sichingafike. Anatchula dzina lake, ndipo anawamasula.

Akutsimphina kupita kwawo, anamva zitoliro pakhomo pa a Lai.

"Kwagwanji?" anafunsa mayi wina wosenza mpunga.

"Simunamve? Shuigen wafika dzulo. Akukwatitsa mwana wake Ameng."

Anabwerera kukachisi akuthamanga. "Desheng, mwanawe, ndinanama! Munthu uja sadziwa kanthu!"

"Poyamba mwamuulula, pano mukumuikira kumbuyo. Mufuna ndikulowetseni nonse awiri?"

Mayi Lanjiao anatembenuka n'kupita kwawo. Ankaopa chingwe chija.

Shuigen anamutenga pakati pa alendo, ali m'malaya atsopano. Anamuombera kuseri kwa bwalo loyanikapo mpunga. Mvula isanagwe, Desheng nayenso anatchulidwa ndi wina, n'kuphedwa pamalo omwewo.

Mayi Lanjiao anakhala ndi moyo mpaka tsitsi kuyera. Zala zija sizinawongokenso, ndipo ntchito anaisiya. Nkhondo itatha kunabwera akuluakulu kudzalengeza kuti Shuigen anaphedwa wosalakwa. Anthu anawomba m'manja. Mayiwo anayandikira Ameng, amene tsopano anali ndi ana akeake, n'kugwada.

"Dzukani, azakhali," anatero Ameng, osawayang'ana. "Pansi pali matope."

Anatenga ana ake n'kumapita.